MOTOKA YANU INUNKHA PETULO? OSATAMANGILA KUGULA FUEL PUMP

Mwezi wa October ukafika, Lusaka imapya. Mwaimika motoka pa zuba ku Kamwala kapena pa Cairo Road, mwabwela pambuyo pa maola yabili, mwasegula chitseko, fungo la petulo lakulandilani monga muli pa filling station. Mwayangana pansi, palibe chamene chadonta. Manje fungo lichoka kuti?

Kapena vanu ni ivi: m'mawa motoka imalila bwino, kamodzi chabe. Koma mukangotila petulo, ikana. Mwapotola kiyi kabili, katatu, ba attendant bakuyanganani, bali kumbuyo pa laini bayamba kuliza hutala. Nsoni!

Kapena ka laiti ka check engine kayaka pa dashibodi, koma motoka iyenda bwino bwino, ndipo ba neba bakuuzani kuti: "Ako kalibe nchito, na yanga kamayaka."

Mavuto yatatu aya, nthawi zambili yachoka pa malo yamodzi. Ni ka system kamene ba dilaiva bambili sibakaziba, ndipo na ba makanika bena sibakayanganako. Zina yake ni EVAP. Mukakaziba bwino, muzapulumusa ndalama zamene bantu bataya pa fuel pump, ma plug na ma coil yamene yanalibe mulandu. Na mutengo wa petulo wamene ba ERB bamalengeza mwezi na mwezi, kulibe wamene ali na ndalama zotaya.

NANGA EVAP NI CHANI?

Petulo siinkhala phee monga manzi. Ikamvela kupya, imasanduka mpweya na kuuluka. Siyani petulo pang'ono mu ka mbale panja, pakapita nthawi yochepa muzapeza kauma. Mu tanki ya motoka namo vichitika chimodzimodzi, makamaka kuno kwatu. Lusaka ili pamwamba, pafupi mamita 1,300 kuchoka pa nyanja yaikulu, ndipo pamalo yokwela petulo siichedwa kuuluka. Ba ku Chirundu, Siavonga na Mfuwe, vanu ni kupya kwamene muziba kale.

Mamotoka yakale maningi, mpweya uyu unali kuchoka chabe panja. Cha mu 1970, ku America banayamba kukakamiza bopanga mamotoka kuti bazigwila mpweya uyu, chifukwa umaononga mphepo yamene bantu bapuma. Lelo Corolla, Allion, Vitz, Spacio, Fit, Note, vonse ivi vili nayo system iyi. Ngati yanu ni ya dizilo, pumulani, nkhani iyi siikukhuzani, chifukwa dizilo siuluka monga petulo.

Visulo vake ni ving'ono:

Cap ya tanki. Ili na ka rabala mukati kamene kamavala kuti mpweya usachoke.

Charcoal canister. Ni kabokosi kakuda ka pulasitiki kozula malasha. Si malasha ya pa mbaula iyayi, ni yokonzewa mwapadela kuti yazimwa mpweya wa petulo monga siponji. Pa mamotoka yambili ya ku Japan kali mu boneti, pa yena kali pansi pafupi na tanki.

Purge valve. Ka valve ka magesi kamene kali pakati pa canister na injini. Ba Toyota bamakaitana VSV. Injini ikapya ndipo motoka iyenda, kompyuta imakasegula pang'ono pang'ono kuti injini idonse mpweya uja na kuushoka pamodzi na petulo.

Polowela mphepo. Canister ifunika kupuma. Pa mamotoka yena ni ka paipi chabe, pa yena pali vent valve ya magesi na sensor yopima pressure ya mu tanki.

Tumapaipi twa rabala na pulasitiki tumene tulumikiza vonse.

Mwachidule, mpweya wamene unafunika kutayika umasungiwa mu malasha, elo pambuyo pake injini imaudya. Sungani ichi mu mutu: purge valve ikankhala ilibe magesi, ifunika kunkhala yovala. Vent valve ikankhala ilibe magesi, ifunika kunkhala yosegula. Imodzi ikachita vosiyana na ivi, ndiye pamene vuto liyambila.

POYAMBA, ONANI NGATI PALI PODONTA

Fungo la petulo silichoka ku EVAP chabe. Musanaganize vina, imikani motoka pamalo youma, muilize, muyangane pansi na mu boneti. Ngati mwaona petulo yeniyeni idonta pa paipi, pa ma injector kapena pansi pa tanki, zimyani injini pamene apo. Iyo motoka si yoyenda nayo mpaka ikonzewe.

Nunkhizani futi ku mpando wa kumbuyo. Pa mamotoka yambili fuel pump ili pansi pa mpando uyu, ndipo ili na rabala yozungulila. Ngati bantu banachosapo pump elo banabweza rabala mopotoka, fungo limalowa mukati mwa motoka, makamaka tanki ikazula. Vuto ili ni lambili pa mamotoka yamene yapita mu manja yambili.

Ngati kulibe podonta, tiyeni ku EVAP.

YAMBANI NA CHOCHIPA: CAP

Masulani cap muiyangane pa zuba. Ka rabala kake kali bwanji? Ngati kang'ambika, kauma gwa kapena kaphwanyalala, cap yasila nchito. Pukutani pa kamwa ya tanki, muone ngati pali nguwe kapena mchenga. Mamotoka yamene yanayenda ku malo ya chipale ku Japan kapena ku UK, kwamene bamatila mchele mu miseu, kambili yamabwela na khosi ya tanki yodyewa na nguwe.

Bwezani cap, muimange mpaka ilile "kete". Ba attendant bamatamanga, nthawi zina bamangoifakapo. Si mulandu kuseluka na kuona mweka.

Elo imwe bamene cap inasoba chaka chatha ndipo mwavalapo na pulasitiki na ka legeni, kapena nyula, mwamvela? Petulo yanu iuluka usiku na usana, fumbi na manzi ya mvula vilowa mu tanki. Gulani cap yamene ilingana na motoka yanu. Cap ya gong'a ingamange bwino pa maso koma osavala mpweya.

Mukasegula cap elo mwamvela "psss" pang'ono, musayope, vimachitika. Koma ngati ifuza kwa nthawi itali monga tayala yabooka, kapena idonsa mphepo mukati na mphamvu, tanki siipuma bwino.

KA LAITI KAKAMBA CHANI?

Ka laiti ka check engine sikakamba kuti chaonongeka ni chakuti. Kamangokuuzani kuti kompyuta yasunga uthenga. Kuti muubelenge, pafunika scanner yamene bamafaka pa ka socket ka mapini 16 pansi pa dashibodi. Ma auto electrician bambili bali nayo. Kuli futi tuma scanner tung'ono twa Bluetooth tumene tusebenza na foni, koma mamotoka yena yakale ya ku Japan siyamvelana nato.

Bakafaka scanner, lembani code imwe mweka pa pepala kapena muikope na foni, basanaifute. Ma code ya EVAP ni aya:

P0440: pali vuto mu system, koma kompyuta siinakambe pamene lili.
P0441: mpweya suyenda bwino kupita ku injini. Yanganani purge valve na mapaipi yake.
P0442: pali pobooka pang'ono.
P0443: vuto la magesi pa purge valve, waya kapena pulagi.
P0446: vuto ku vent.
P0455: pobooka pakulu. Kambili ni cap, kapena paipi yachoka.
P0456: pobooka pang'ono maningi, monga kamwa ya nyeleti.
P0457: cap siinamangiwe.

Code ni monga muntu wamene akulangizani komboni, osati nyumba. P0441 siitanthauza kuti gulani valve. Ingankhale paipi yamene makoswe yanadya.

Manje apa mvelani bwino, chifukwa ndiye pamene bambili basokonezeka. Malamulo ya ku America ndiye yamene yamakakamiza kompyuta kusakila pobooka. Kuyambila mu 1996 mamotoka ya kuja yali na OBD-II, ndipo yamapima pobooka pa milimita imodzi, yamanje mpaka hafu ya milimita. Koma yatu yambili yamabwela kuchoka ku Japan kupitila ku Dar es Salaam na Nakonde, kapena ku Durban na Chirundu, ndipo yambili mwa aya siyapima vimenevi. Yamangoona ngati magesi ya purge valve yali bwino. Kutanthauza kuti paipi ingang'ambike, canister ingazule petulo, ka laiti kali zii. Scanner ikakamba kuti kulibe code, si kuti kulibe vuto. Mphuno yanu nayo ni scanner.

Yanganani futi P0171 na P0172. Aya yakamba kuti injini ilandila mphepo yambili kapena petulo yambili kupitilila. Purge valve yamene yakana kuvala ingabwelese yonse yabili, ndipo apa ndiye pamene bantu bamagulisiwa oxygen sensor na fuel pump popanda chifukwa.

PURGE VALVE: KAMBALA KANG'ONO

Ngati motoka ikana kulila mukangotila petulo, ganizilani aka poyamba. Pamene petulo ilowa mu tanki, imakankha mpweya wamene unalimo. Valve ikankhala yosegula pamene ifunika kuvala, mpweya uja umapita wonse ku injini. Mukapotola kiyi, injini yakhuta kale petulo, mphepo yachepa, ndiye ikosomola chabe. Valve imodzimodzi imapangisa kuti motoka izinjenjema pa ma robot, singano ya RPM izikwela na kuseluka.

Kukapima sikudula. Makanika achose pulagi ya magesi, achose futi paipi yamene ichoka ku canister, alize injini, afake chala pa kamwa ya valve. Ngati chala chidonsewa, valve siivala. Yasila.

Njila ina ni kukachosa konse mu motoka, kutali na fungo la petulo. Akafuzilamo mphepo kalibe magesi, siifunika kupita. Akakapasa 12 volts, kafunika kulila "ta" na kusegula. Na multimeter angapime coil yake. Pa mamotoka yambili ili pakati pa 20 na 40 ohms, koma buku ya motoka yanu ndiye ili na nambala yeniyeni.

Akachosa valve, muuzeni aigogode pa pepala yoyela. Mukaona tumalasha tukugwa, zibani kuti canister yapwanyika mukati. Mukafaka valve yanyowani osakonza canister, nayo izavalika na tumalasha tumodzimodzi, elo muzakamba ati banakugulisani gong'a.

"FAKAMO FUTI PANG'ONO": MWAMENE TIPAYILA CANISTER

Tonse tinaonapo. Muntu ali pa ulendo wa ku Chipata kapena ku Copperbelt, pump yaimilila, iye ayamba kugwedeza motoka: "Ba boss, fakamo futi, ikali na malo." Ba taxi, ba Yango na ba minibasi, iyi ni nkhani yanu.

Pump ikaimilila yeka, tanki yazula. Malo yamene yasala pamwamba yanasiyiwa dala kuti petulo ikapya ipeze pofufumila. Mukakakamiza kuzulisa mpaka pa kamwa, petulo yamanzi imalowa mu ka paipi ka mpweya na kufika mu canister. Malasha aya yanapangiwa kumwa mpweya, osati kusamba mu petulo. Yakanyowa kambili yamaleka kusebenza, elo yamayamba kunyenyeka. Ka lita kamodzi kamene munapanikiza kazakugulisani canister.

Canister yodwala muzaiziba so: inunkha maningi, ilema mukainyamula, idonta petulo pansi, kapena ili na mung'alu.

Fumbi nayo ni mudani. Ngati munkhala kumene tala siinafike, ku ma plot ya ku Chalala mukati, ku Lusaka West kapena ku munda, polowela mphepo pamavalika na fumbi na matika. Mavu nayo yamakonda kumanga mu tumabowo tumene utu. Musaseke: mu 2011 na mu 2014, kampani ya Mazda inaitanisa mamotoka ya Mazda6 ku America chifukwa tukangaude tunali kumanga ukonde mu ka paipi ka vent, tanki nokanga kupuma mpaka kufuna kung'aluka.

Tanki ikakanga kupuma, muzaona pa filling station. Pump izaimilila pafupi pafupi monga tanki yazula, koma mwafakamo chabe malita yabili. Mphepo ya mu tanki yasoba pochokela. Pa mamotoka yena imapita mu canister, pa yena mu ka paipi kamene kayenda pambali pa khosi ya tanki. Uko ndiye koyangana. Osakalipila ba attendant, pump yao ilibe mulandu.

POBOOKA POSAONEKA

Cap ili bwino, valve ili bwino, koma fungo likalipo. Manje ni nthawi ya mapaipi. Injini ikazizila, yendesani vala pa ka paipi kalikonse. Kupindani pang'ono pafupi na kumapeto, chifukwa ndiye pamene rabala imayambila kung'ambika. Yanganani mano ya makoswe, makamaka ngati motoka imagona pafupi na masaka ya milisi kapena khola ya nkhuku.

Pobooka pang'ono maningi sipaoneka na maso. Apa pafunika smoke machine. Makanika amavala vent, amalowesa utsi mu system na pressure ing'ono maningi, yosafika olo 1 psi, elo amayangana na tochi pamene utsi uchokela. Si garaji iliyonse ili nayo, funsani musanasiye motoka. Bena bamasebenzesa ka pump ka manja na manzi ya sopo, pamene pachoka thovu ndiye pobooka.

Koma vibili ivi musavomele olo bakambe bwanji. Choyamba, kufaka kompresa ya matayala pa tanki. Pressure yake ni ikulu, ingapaye sensor na kung'amba mapaipi kapena tanki. Chachibili, kufuzilamo utsi wa fodya. Muntu wamene abwelesa moto pafupi na mpweya wa petulo, mutengeleni makiyi yanu.

"TIZANGOVALA PAIPI, BOSS"

Mau aya muzayamvela. Bena bamafaka bauti mu paipi, bena bamachosa canister konse ati ilibe nchito mu Zambia. Mukavala molakwika, tanki siipuma. Pump ikadonsa petulo, tanki imafinyika mukati, pump imasebenza movutika na kufa mwamusanga. Mukasiya paipi yosegula, mpweya wa petulo umazula mu boneti pafupi na injini yakupya na mawaya.

Bena bamachosa terminal ya batili kuti ka laiti kazime, elo bakulipilisani. Ka laiti kazazima zoona, koma vuto likali. Kompyuta siipima EVAP nthawi zonse. Imayembekeza injini izizile usiku, tanki isankhale yozula maningi kapena yopanda kantu, ndipo kambili imafuna kuona vuto maulendo yabili isanayashe laiti. Ndiye chifukwa chake kamabwela pambuyo pa masiku yangapo, imwe mwalipila kale.

Ndipo imwe bamene mwamata tepu yakuda pa ka laiti, ganizani ichi: ka laiti ni kamodzi chabe. Ngati kayaka nthawi zonse chifukwa cha cap, siku yamene injini izadwala zoona simuzaziba. Kakayamba kuthwanima, kuyaka na kuzima, iyo si EVAP. Ni injini iphonya moto, ndipo ingashoke catalytic converter. Imikani motoka.

Mukafuna kugula motoka, potolani kiyi osailiza. Ka laiti ka check engine kafunika kuyaka, elo kazime injini ikalila. Ngati sikayaka konse, funsani chifukwa. Kuli bamene bamachosa bulb.

SI NDALAMA CHABE

Mpweya wa petulo umalema kupambana mphepo, ndiye umaseluka pansi na kukwawa monga njoka. Ganizani yadi yanu magesi yakayenda: motoka ili pa khomo, mbaula iyaka pafupi, kandulo pa windo, jenereta ilila pa kona, bana basobela pansi. Motoka yamene inunkha petulo isagone pafupi na vintu ivi, ndipo isavalilidwe mu garaji yopanda mphepo.

Mukati mwa motoka namo, fungo ili limabwelesa mutu, chizungulile na mselu. Petulo ili na benzene, mankhwala yamene yazibika kuti yamabwelesa khansa ya magazi kuli bamene bayapuma nthawi itali. Ngati bana banu badandaula mutu paulendo wa ku sukulu uliwonse, osangosegula windo. Sakilani kwamene fungo lichoka.

VOKAMBA NA BA MAKANIKA

Mukafika pa garaji, osangokamba ati "motoka ivuta". Bauzeni vonse: fungo limabwela liti, tanki ikazula kapena ikapya? Ikana kulila m'mawa kapena pa filling station chabe? Pump imaimilila yeka pafupi pafupi? Ivi ndiye vamene vilangiza makanika wabwino kwamene afunika kuyamba.

Elo funsani mwaulemu: "Ba mdala, code ikamba chani? Mwapima chani kuti muzibe kuti ni ichi?" Makanika wamene aziba nchito yake sakalipa na funso iyi, azakulangizani na manja. Wamene ayankha ati "tiyeni tiyese kuchinja tione", zibani kuti ayesela pa thumba yanu. Chisulo chakale chamene bachosa, chitengeni. Ngati mugula valve ya salaula ku ma shopu ya ma spare, ipimeni pamene apo musanalipile, chifukwa nayo ingankhale inachoka pa motoka yodwala matenda yamodzimodzi.

Ndondomeko yake ni iyi: podonta poyamba, cap, code, mapaipi, purge valve, canister na vent, utsi pothela. Kuchoka pa chochipa kupita pa chodula.

Ndipo mailo mukaima pa pump, ikangoimilila yeka, kambani chabe: "Yakwana ba sister, lekelani pamene apo." Selukani, mumange cap mpaka ilile, muyende.